Mzere Umene Sanautseke Pakamwa

Ku Brno thiramu yomaliza yadutsa kale,
mawaya ake akunjenjemerabe pamwamba pa msewu.
Vendula, nsapato atavula, khofi atamuiwala pazenera,
wabaya kadisiki m'nthiti mwa kompyuta
osanena kuti ndi kamtundu wanji.

Ndiye kenelo, posadziwa mwini mlendo,
yaitana madalaivala a mafayilo onse
kuti adzamuyang'ane pankhope, mmodzimmodzi.

Woyamba wanunkhiza mutu wa disiki:
Si wanga uyu! Chidindo n'chachilendo!
Wachiwiri: Si wanga!
Wachitatu, nkhalamba yosatumidwa ntchito
chichokereni masiku a mafulopi,
nayo yatsokomola, yalemba dandaulo lake,
mizere itatu, zilembo zofiira psu.

Chikhalirecho palibe chalakwika.
Wachisanu ndi chiwiri wangoti, Ndi wanga, lowani,
mafayilo n'kutseguka bwinobwino.
Koma kaundula wadzaza kale
ndi maliro a munthu wamoyo.

Makalata ndiye sasowa.
Woyang'anira maseva ku Ostrava sanagone,
akuti disiki yake ikutsirizika.
Mphunzitsi wina ku Olomouc
wataya makorona ake kugula yatsopano.
Ena anatopa, anasiyiratu kuwerenga,
ndipo awa ndi amene amamudetsa nkhawa Vendula:
galu akazolowera kuuwa mphepo,
tsiku la mbala adzadzuke ndani?

Komatu kambendera kalipo, kakang'ono,
kamabwera pamodzi ndi pempho lolumikiza,
kakunong'ona: Tikungofunsa, musakuwe.
Madalaivala ena amakaona.
Ena amakadumpha ngati chithaphwi.

Choncho Vendula akuyenda m'khodi,
fayilo ndi fayilo, chala pa kiyibodi,
ndipo paliponse pamene pali mkuwo
akutsogoza kafunso kamodzi:
kodi atipempha bata?
Ngati ndi choncho, meza mawu, bwerera mwakachetechete.
Mizere khumi ndi umodzi.
Watumiza. Wazimitsa nyale.

M'mawa, chipale chofewa chili mbuu pa madenga,
yankho la Radomír lafika, lalifupi monga mwa nthawi zonse:
Khumi ndavomera.
Wotsalawo ayi. Tauwerenganso.
Pamenepo chidindo chagwirizana kale.
Dalaivala sakunena kuti si wanga.
Akunena kuti ndi wanga,
koma wavulala.

Vendula wakhala kaye duu.
Mawu awiriwo amafanana zovala,
onse ofiira, onse oyamba ndi kulephera,
ndipo iye, ndi tulo m'maso, anawatsekera m'chipinda chimodzi:
wokana mlendo
ndi mayi wozindikira mwana wake pa machira.

Wachotsa kafunso pa mzere umenewo.
Kenako watenga kadisiki kena m'dirowa,
wakaboola dala, mabayiti anayi okha,
pansi penipeni pa chidindo.
Wakabaya.

Woyamba wabwera, waona, wapita chete.
Wachiwiri chimodzimodzi.
Nkhalamba ija yatsegula pakamwa,
yaona kambendera, yameza malovu.
Kaundula ali mbee ngati bwalo lakunjalo
asanapondepo munthu.

Ndiyeno mzere umodzi,
uli wokhawokha pa sikirini,
wopanda woupikisana nawo:
ndi wanga, mawerengero sakugwirizana, sindimulumikiza.

Vendula wauwerenga kawiri,
ngakhale anali ataumva kale koyamba.
Panja thiramu yoyamba kudzaza
ikuliza belu pa mphambano, kamodzi kokha,
ndipo munthu wina wabweza phazi.