Atatu Anatsala Tsidya Lija

Envulopu ndinaibisa m'kati mwa juzi
poti mvula ya Mzuzu siodira pakhomo.
Wakabaza ananditula pa geti ku Luwinga,
matope a ku Mchengautuwa akadali ku zidendene,
ofiira ngati cholembera cha wochonga mayeso.

M'envulopumo munali zaka ziwiri:
kalasi ya malata ku koleji ya m'dera
kumene tinkaphunzira kusunga mabuku a ndalama
anzathu owotcherera zitsulo akuthetheka kuseri kwa khoma,
kalikyuleta imodzi, anthu anayi,
batani la seveni lomvera chikhadabo chokha.

Mayi Kanyimbo a mu ofesi yolembetsera
ananyowetsa chala, natsegula pepala langa.
Ili tilandira. Ilinso.
Ili ayi, maola ake ndi operewera.
Ili kuno sitilidziwa.
Ndinabwera ndi maphunziro asanu ndi anayi,
anawoloka asanu ndi limodzi.
Atatu anatsala tsidya lija,
limodzi mwa iwo ndi lija ndinalemba mayeso ake
maso otupa, sabata imene tinaika bambo.

Ndinafuna kufunsa kuti limenelo ndililembe mbali iti,
kwa zolowa kapena kwa zotuluka.
Ndinangoti yewo, ndi kupinda pepala.

Achimwene a Chawanangwa, pa shedi yawo ya matabwa,
amaseka mpaka utuchi kuwatsamwitsa:
Digiri yanji yoyenda njira zinayi ngati fisi?
Akaunti tamva. Nanga malamulo? Nanga za nkhalango?
Udzakhala wowerenga ndalama kapena mitengo?
Koma fizi ikayandikira sachedwa,
amachotsa m'sokosi, nawerenga kawiri,
nalemba pa thabwa ndi pensulo ya kukhutu.

M'kalasi ana ochokera ku sekondale amanditcha anti.
Ali ndi malaputopu, zala zofewa.
Ine ndimakhala pafupi ndi zenera lomwe silitseka,
ndimadziwa fungo la risiti yonyowa,
ndimadziwa kuti wangongole amadzera njira ya kuseri
ndipo moni wake amakhala wautali.

Lachitatu lina Dokotala Mzumara anafunsa:
paini woimirira ku Chikangawa ndi ndalama zingati?
Manja anakwera. Anachulukitsa matabwa ndi mtengo wake,
anachotsa dizilo, macheka, msonkho wa pa msewu.
Iwo anati chabwino, mwawerengera mtengo wakufa.
Nanga wamoyo?
Nanga chifunga chimene umakoka m'mawa,
madzi amene umasungira mtsinje mu Okutobala?
Kalasi inati zii.
Ine ndinaona msana wa bambo
utasenza thabwa lalitali zaka makumi awiri,
msana umene sunalowepo m'buku lililonse.

Usiku magetsi akathima ndimayatsa tochi ya foni
ndi kutsegula hadikava yawo yakuda.
Sankalemba mayina, ankalemba anthu:
wa njinga yofiira, matabwa atatu,
mayi wa kwaya, adzapereka akakolola khofi,
mnyamata wa bokosi la mwana, osamufunsa.
Ndasamutsira zonse m'mizere iwiri
monga anatiphunzitsira a Luhanga pansi pa malata aja.
Ndaphatikiza kuchokera pamwamba,
ndaphatikizanso kuchokera pansi.
Mbali ziwirizi zikukana kufanana,
pakusowa folo sauzande seveni handiredi.

A Luhanga ankati buku likakana usalikakamize,
usafufute, usabise pansi pa zina ndi zina.
Funa. Ndalama siuluka, imangosintha dzina.

Mawa ndili ndi malamulo a misonkho eyiti koloko,
phunziro limene ndinakhoza kale, ndikulibwereza.
Nsapato sizinaume.
Pa tsamba lomaliza ndasiya mzere wopanda kanthu,
pensulo ndaigoneka pakati pa buku
kuti lisatsekeke lonse.