Bungwe la Ogona Masana

Tinali asanu ndi awiri poyamba,
pa benchi ya kuseri kwa laibulale ku Rosario,
maso ali psuu ngati tatikitamo tsabola.
Ine Itatí, zala zikununkha yisiti wa kubekale,
Nahuel wotsuka mabasi kudepoti,
Delfina wotembenuza odwala mpaka kucha,
Aurelio mlonda, katswiri wogona choimirira.
Atatu enawo ndinayamba kuwadziwa ndi kuyasamula kwawo.

Sitinkafuna zambiri.
Chitseko chotsekeka, matiresi awiri,
ola limodzi pakati pa ntchito ndi kalasi.

Aurelio ndiye anati, "Tikhale bungwe.
Munthu mmodzi akagona m'khonde amamuthamangitsa,
koma bungwe likagona, umenewo ndi msonkhano."

Ofesi ya za ophunzira imatsegula naini koloko
n'kutseka masana,
nthawi yomwe mafupa athu amazima.
Ndinapitabe, ufa uli m'nsidze.
Mayi Scarpetti anakankhira fomu kunsi kwa galasi:
mayina khumi ndi asanu, malamulo, mlangizi,
wapampando, mlembi, msungichuma.
"Chuma chake chiti?" ndinafunsa.
Sanaseke.
Anangoti, "Inki yabuluu. Yakuda sitilandira."

Mayinawo tinawatola mbandakucha,
pasiteji, pakhomo la chipatala, pamzere wa khofi.
Wina anasainira pamsana panga.

Malamulo tinawalemba pa pepala lokulungira buledi.
Ndime yoyamba: wogona asadzutsidwe.
Anatibwezera atakhwatcha mofiira,
"Cholinga sichikumveka."
Delfina anakhala pansi n'kuwaveka jekete mawu athu:
"kulimbikitsa umoyo wa ophunzira apantchito."
Tulo tomweto, kungoti tamanga tayi.

Aphunzitsi asanu anatikana mwaulemu,
ulemu woterera ngati sopo.
Dokotala Ferreyra wa za miyala
anawerenga mpaka mzere wotsiriza,
navula magalasi.
"Digiri yanga ndinaipeza ndikuyendetsa takisi," anatero,
"theka la zomwe ndikudziwa ndinaziwerengera pa chiwongolero."
Anasaina mokanikiza, pepala linabooka.

Kenaka Julaye, mphepo ya mu Paraná ikuluma makutu,
mayi a Nahuel anadwala ku Chaco.
Ananyamula chikwama, anandisiyira mabuku ake a masamu
ndi ngongole ya khofi.
Dzina lake linachoka m'kaundula wa yunivesite
msanga kuposa mmene fungo la dizilo linachokera pa benchi.

Khumi ndi anayi.
Mayi Scarpetti anawerenga ndi nsonga ya cholembera, kawiri.
"Mubwere temu yamawa."
Ndinatola fomu. Milomo inkanjenjemera,
ndipo sichinali chifukwa cha fomuyo.

Ndili pachitseko ndinamva, osakweza n'komwe mutu,
akuitana mnyamata wonyamula mafayilo:
"Tadeo, suja umathira mafuta m'magalimoto usiku iwe?
Ukusinza pa makina anga chaka chonse.
Tenga cholembera ichi."
Chinali chabuluu.

Chidindo chinagwa Lachitatu.
Pha.
Basi.
Miyezi isanu ndi iwiri ya nsapato zanga
inathera m'kaphokoso kochepa kuposa kuswa dzira.

Anatipatsa chipinda chapansi, nambala folo,
momwe kale ankasungamo zokolopera.
Zenera lake limaona akakolo a anthu odutsa.
Kiyi wake amafuna kumunyengerera.

Msonkhano woyamba ndinalemba ndine.
Unatsegulidwa seveni koloko m'mawa.
Wapampando anapempha kuti magetsi azimitsidwe,
palibe anatsutsa.
Msungichuma ananena kuti m'thumba muli mabanzi asanu ndi anayi.
Aurelio, kwa nthawi yoyamba chimudziwireni,
anagona chogona.

Ine ndinatsala maso pang'ono,
kope pabondo, kuwala kukulowera pansi pa chitseko.
Pamzere wa opepesa ndinalemba Nahuel,
ngakhale malamulo athu omwe salola.
Kunja akakolo ankathamangira kalasi ya eyiti.
Cholembera chinapulumuka m'manja,
ndipo mzere wokhota umene chinasiya pa pepalalo
ndi umene tinatumiza kuofesi.