Zenera la ku Dennistoun

Ndinakonda zenera, Struan, osati nyumba.
Ndikuvomera lero,
mvula ya Glasgow ikugogoda padenga
ngati munthu wodzalonjerera ngongole.

Linali Loweruka la mu Meyi. Dzuwa losowa lija
linalowa m'chipinda popanda odi
n'kudzigoneka pa matabwa ngati mphaka.
Wogulitsa uja, Ishbel Rennie, anali ataphika buledi.
Ndani amaphika buledi m'nyumba yopanda mpando?
Sindinafunse. Fungo linanditseka maso.
Ndinali nditayamba kale kusanja mabuku
pa shelefu yomwe panalibe,
ndikuona mwana yemwe sitinabereke
akukwawa kulondola kuwala.

Iwe unagwada pakona, dzanja pakhoma.
Unati, "Pali chinyontho apa."
Ndinayankha, "Penti amabisa zonse,"
osadziwa kuti ndikunena zoona.

Potsika masitepe tinapatukirana ndi banja lina,
mwamuna tepi yoyezera ili m'manja,
mkazi akumwetulira ngati makiyi ali kale m'thumba.
Mtima wanga unati phaa!
Ndinkayesa chikondi,
koma inali nsanje itabwereka malaya.
Chinthu chimanona wina akachiyang'ana.

Usiku umenewo sitinagone.
Patebulo panali kalata ya kubanki
ndi nambala yomwe tinalumbirirana kuti sitidzaidumpha.
Ndinawonjezerapo mapaundi zikwi zisanu. Unakhala chete.
Ndinawonjezera zina zitatu, ndikuti,
"Tikaiphonya chifukwa cha kangachepe aka,
ndidzadzikhululukira liti?"
Tinali titayendera nyumba khumi ndi zinayi,
nsapato zitatha, ulemu utatha,
ndipo kutopa kumanong'ona mokoma kuposa nzeru:
ingotengani iyi, mupume.

Lipoti la woyeza nyumba linali la masamba makumi awiri.
Ndinawerenga loyamba ndi lomaliza.
Pakati paja, pa tsamba la khumi ndi chimodzi,
denga linkalankhula momveka bwino.
Makutu ndinali nditawasiya pazenera.

Lachisanu masana anatsegula maenivelopu.
Loya anaimba foni: "Mwapambana."
Tinavina m'khitchini ya lendi mpaka ketulo inauma.
Patapita mwezi ndi pomwe tinamva
kuti banja lija silinatchule n'komwe mtengo.
Tinkathamangitsana ndi chithunzithunzi chathu,
ndipo tinachipitirira ndi zikwi zisanu ndi zitatu.

Tsopano ndi Januwale.
Mdima umagwa ana asanafike kwawo pochoka kusukulu.
Zenera langa lija limalira misozi cham'kati,
mphepo imaimba mluzu m'mphepete mwake.
Kuseri kwa kabati nkhungu yajambula mapu
a dziko lomwe sitidzapitako,
pakuti ndalama za tchuthi zinakwera makwerero
pamodzi ndi amisiri a denga.
A MacAskill a pansipa anabweretsa okha kalatayo,
gawo lathu litazunguliridwa ndi inki yofiira,
n'kutifunsa mwaulemu ngati tazolowera.

Sindikuti nyumbayi ndi mdani.
Nkhuyu iyi tidya, nyerere zake zomwe.
Masiku ena dzuwa limabweranso kwa mphindi khumi
ndipo ndimaikhululukira.

Koma mng'ono wanga Catriona waimba dzulo,
mawu akunjenjemera, akuti wapeza yake yeniyeni ku Partick,
akuti ikapita iyi sipadzakhalanso ina.
Ndamuuza: pitanso tsiku la mvula, wekha, uli ndi njala.
Tsegula mpopi, umvetsere mapaipi.
Kankha kabati.
Nambala yako uilembe papepala
upatse munthu wouma mtima akusungire.
Nyumba zili ngati mabasi a pa Duke Street,
ina ikubwera, ngakhale mochedwa.
Ndipo ukamva fungo la buledi,
funsa chimene chikununkha pansi pake.

Waseka. Sanamve. Inenso sindikanamva.

Ndikukumva ukukwera masitepe, Struan,
ndowa ina ikugunda bondo lako.
Sunanenepo kuti "ndinanena ine."
Chete ameneyo ndiye ngongole
yomwe chiwongoladzanja chake
sindinachidziwebe.