Msana Wanga ku Buxton

Envelopu inafika patatha masabata awiri
chiikireni maliro a Bambo Hargreaves.
M'kati munali kakhadi ka mwana wawo:
"Ndaziona, mwasambitsa bambo zaka zisanu ndi chimodzi.
Pitani nanunso mukasambe."
Ndinaseka ndekha m'khitchini ku Stockport.
Kodi ndikununkha?

Basi inakwera zitunda zopanda mitengo,
nkhosa zitamwazikana ngati thonje logwa pa lole.
Ndinatsikira ku Buxton mvula ikuwaza,
ambulera yanga itathyoka nthiti imodzi.

Pakhomo la nyumba ya alendo ya Chijapani
Mayi Chiyoko anagwada,
munthu wa imvi kugwadira ine,
n'kuloza nsapato zanga.
Ndinavula. Chala chachikulu chinasuzumira pa sokosi.
Iwo anayang'ana kudenga ngati kuli nkhani.

M'chipinda munalibe bedi, munalibe mpando.
Mphasa zokha, zonunkhira udzu wouma,
zitseko za pepala, duwa limodzi m'kamtsuko.
Mapaundi mazana anayi usiku umodzi
kuti munthu agone pansi!
Ine ndinawoloka nyanja kuthawa pansi pomwepa.

Anandiveka mkanjo wa thonje, kumanzere pamwamba.
"Kumanja pamwamba timaveka akufa," anatero.
Ndimadziwa kuveka akufa, mayi.
Chaka chino chokha ndatseka maso a anthu anayi.
Koma sindinanene.

Kumadzi kuli lamulo: samba kaye, kenaka ulowe.
Ndinakhala pa kampando kafupi ngati ka mwana,
kandowa ka thabwa pakati pa miyendo,
manja anga n'kuyamba ntchito yawo,
kukhwapa, kuseri kwa khutu, pakati pa zala,
mothamanga,
ngati wina akuimba belu m'chipinda chachitatu.

"Pang'onopang'ono."
Sindinamve kuti alowa nthawi yanji.
Anatenga kansalu, nayamba kunditsuka kumsana.
Pamenepo ndinawerenga zaka.
Womaliza kukhudza msana uwu
anali mkulu wanga Esinala, m'bafa la udzu ku Ntcheu,
sopo wa mtanda m'manja,
tsiku loti mawa lake ndikwera ndege.
Khumi ndi chimodzi.
Misana ya anthu ndaidziwa ngati misewu ya kwathu,
timadontho, zipsera, mafupa otuluka,
wanga ndinauiwala kumbuyoko.

Dziwe linali panja, pakati pa miyala yakuda.
Madzi anandiluma akakolo, anandimeza mawondo,
anandigwira m'chiuno pamene pamapweteka ndikanyamula munthu,
ndipo anakana kundisiya.
Mvula inkagwa pamutu yozizira ngati singano,
m'munsi ndikupsa.
Nthunzi ndi yabwino:
sinena kuti madzi a pa tsaya achokera kuti.

Chakudya chinabwera m'timbale khumi ndi tiwiri,
kalikonse kongokwana kulawa.
Nsomba yaiwisi ndinaiyang'ana, nayo inandiyang'ana.
Ndinaidya. Esinala asamve.
Foni inanjenjemera pa mphasa:
kuntchito kwasowa munthu wa usiku, mungabwere?
Ndinaigoneka chafufumimba
ngati mwana wovuta.

Ndinagona pansi, tulo tofa nato,
khutu lina lili tcheru kudikira belu losalira.

M'mawa nsapato zanga zinali zouma,
zitatembenuzidwa kuyang'ana kumsewu.
Mayi Chiyoko anawerama mpaka ndinakhota pa ngodya.
Ndikudziwa chifukwa ndinacheuka kawiri.

Lolemba, sikisi koloko, chipinda chachitatu.
Mayi Pickford akhala pa mpando wa m'bafa,
msana wawo wopyapyala ngati chitseko cha pepala chija.
Ndanyowetsa kansalu.
Ndayambira pa phewa, ndikutsika.
"Lero mukuchedwa bwanji?" akufunsa.
"Madzi azizira?"
"Ayi," akutero. Kenaka chete.
"Pamenepo. M'munsi pang'ono."