Kuseri kwa Kabati Yachitatu

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
ndakhala ndikudikira sitima ya ku Kirkwall.
Si mwamuna, si mwana amene ndinkadikira,
koma envulopu yakhaki, yonyowa m'ngodya,
yonyamula magazi a anthu a pachilumba pano
atasanduka manambala.

Mphepo ikakalipa masiku atatu
sitima inkagona padoko,
shuga wa a Drever, impso za mayi Isbister,
zonse n'kumadikira kutsidya ngati alendo osowa wowawolotsa.
Lamya ikalira ndinkati: "Sizinafike, nyanja yakana."
Ankamva. Ndani kuno sayidziwa nyanja?

Ndinali ndi mpeni wotsegulira, chigwiriro chake cha fupa.
Dokotala Harcus ankawerenga ali chiimire,
kapu ya tiyi itakhala pa pepala la munthu wina
n'kusiya mphete yofiirira pamwamba pa dzina.
M'mbali ankalemba ngati papalasa nkhuku:
"muimbireni", "zidikire", "abwere yekha".
Zilembo zimenezo wozimva ndinali ine ndekha.

Lolemba kunabwera mnyamata, Ruaridh,
wa nsapato zosadziwa matope.
Anati taonani, magazi akapimidwa m'mawa
masana afika kale, pamene pavuta pakuthwanima.
Dokotala akapanda kuona, makina sagona,
amakumbutsa, n'kukumbutsanso
ngati khanda lofuna bere.
Ndinamuyankha ndi m'mphuno.
Kompyuta ikudziwa kuti a Drever samva khutu lakumanzere?
Ikudziwa kuti Lachinayi mayi Isbister sanyamula lamya
poti ndilo tsiku limene mwana wawo anamira?

Lachitatu tinasuntha makabati.
Yoyamba, fumbi.
Yachiwiri, fumbi ndi batani la jekete.
Kuseri kwa yachitatu, pakati pa khoma ndi chitsulo,
panali pepala limodzi, lachikasu, lofota ngati tsamba.
Ndinaliwongolera pabondo.

Thorfinn Rendall. Okutobala, zaka khumi ndi zinayi zapitazo.
Nambala imodzi yozunguliridwa kawiri
ndi dzanja la ku labotale: "Aonedwe msanga."
Mphete ya tiyi palibe.
Nkhuku sinapalasepo.
Chidindo changa palibe.

A Rendall tinawaika chaka chotsatira
mvula ikugwa chammbali,
ine nditanyamula mbale ya masikono kupita kusiwa.
Tonse tinati nthenda ija inabisala.
Sinabisale.
Inagwa.
Kaya ndi chigongono changa,
kaya ndi chitseko chimene mphepo imatsegula yosaodira.

Ruaridh anafunsa ngati ndapeza kanthu.
Ndinati fumbi.
Ndinameza malovu, ndinati ayi, si fumbi.
A Harcus anapuma ntchito kalekale.
Ndinagogoda kwa amene anawalowa m'malo,
pepala lili m'manja muwiri ngati khala lamoto.

Tsopano m'mawa ndimayatsa galasi lowalalo.
Ndimalemba ndi chala chimodzi, ngati mbalame yojompha mapira.
Pali kabokosi kamene mnyamata uja anandionetsa,
kolembamo zilizonse.
Ndalembamo: "Lankhulani kukhutu lakumanja."
Ndalembamo: "Lachinayi musaimbe."
Sindikudziwa ngati wina adzawerenga.
Koma kabokosiko kalibe kuseri.

Sitima ikubwerabe, ndi buledi, ndi mankhwala a nkhosa.
Ikaliza lipenga khosi langa limatembenuka lokha,
silinauzidwe kuti ntchito inatha.

Lachisanu mayi Rendall akubwera kudzapimitsa magazi.
Dokotala wati tidzawauza tili awiri.
Ndayesera mawu ndili m'bafa, ndayesera panjira,
onse akutuluka opunduka.
Mpeni uja uli m'thumba la juzi yanga.
Ndimangousisita ndi chala chachikulu.
Ulibenso choti utsegule.