Mzere Umodzi

Shopu yanga ili pakati pa phiri,
masitepe zana ndi makumi anayi kuchokera kudoko la Valparaíso.
Asodzi amafika ali wefuwefu,
m'manja mapepala onunkha mchere:
kalata ya penshoni, chiphaso cha bwato, chithunzi cha mwana.

Kompyuta yanga ndi nkhalamba inzanga.
Kale inkadzuka mwaulesi:
ndinkathira khofi, kumwa, kutsuka kapu,
iyo ikuzungulizabe kamkombero kake.
Tsiku lina Don Eleuterio ali chilili ndi kalata yakukhoti,
inangolemba kuti: dikirani, ndikudzikonza, musandizimitse.
Tinadikira.
Kumunsi ofesi inatseka.
Mkulu uja anatsika masitepe osanditsanzika.

Fresia, mwana wa mlongo wanga, anabwera Loweruka
ndi kafulashi kochepa ngati chala.
Anati, malume, umu muli Linakisi,
anamanga ndi anthu ambirimbiri
ndipo anasiya chitseko chosakhoma.
Ndinati, mwanawe, zaulere zimabisa mbedza m'mimba.
Anangoseka, nkupitiriza kudina.

Pulinta ija, yomwe chimbale chake
chinasowa usiku wa chivomezi,
ndinangoilumikiza.
Inatsokomola kamodzi nkulavula pepala.
Palibe anandifunsa nambala, palibe anandifunsa khadi.

Ndiye panali zithunzi za bungwe la asodzi,
zikwi ziwiri, mayina ake manambala okhaokha.
Ndinkati ndizisintha chimodzichimodzi
mpaka Khirisimasi indipeze.
Fresia anatsegula kazenera kakuda bii,
analemba mzere umodzi,
timawu toduladula ngati ta munthu wachibwibwi.
Madzi m'ketulo asanawire
chithunzi chilichonse chinali ndi tsiku lake
ndi dzina la bwato lake.

Mzere umenewo ndinaukopera pa katoni,
ndinaumata pakhoma, pambali pa chithunzi cha malemu mkazi wanga.

Sindinama, si zonse zinali myaa.
Sikana inandinyanyalira masabata awiri,
ndinaitukwana m'mawa ndi madzulo,
mpaka ndinapeza ndekha pamene ndinaphonya:
kadontho kamodzi.
Ine, wa zaka makumi asanu ndi limodzi,
ndinavina m'shopu, mphaka akundiyang'ana.

Masiku ano ikafuna kudzikonza imayamba yagogoda:
pali zatsopano, mukapeza mpata.
Ndimayankha usiku, nditatsitsa chitseko chachitsulo,
ndipo zonse zimalowa pamodzi,
cholembera, chowerengera ndalama, chosegulira makalata,
ngati sitima imodzi yonyamula katundu wa mzinda wonse.

Don Eleuterio anabweranso mvula itayamba,
jekete itanyowa, nkhope ikadali ndi mangawa.
Kalata inatuluka asanavule chipewa.
Anaiwerenga kawiri, akufufuza cholakwika.
Mwagula yatsopano? anafunsa.
Ayi, ndi yomwe ija.
Anaima kanthawi, nkuisisita pamsana
monga amachitira ndi injini yakale ikalira koyamba,
kenako anafunsa ngati Fresia amabwera Loweruka lililonse,
poti kwawo, pansi pa bedi,
kuli ina yomwe anaiyesa yakufa.