Jumbo m'kati mwa jumbo

Bambo Chikuse afunsa chinthu chimodzi chokha:
n'chiyani chimatuluka kwambiri m'sitolo muno?
Andisiyira makiyi, akwera kabaza wa ku Kaphatenga,
ine ndatsala ndi malisiti a miyezi isanu ndi iwiri
m'nkhokwe ya kompyuta yotentha ngati simbi.

Lisiti lililonse ndi mzere umodzi,
koma mzerewo ndi wapakati:
m'mimba mwake mndandanda, m'mndandandamo winanso,
jumbo m'kati mwa jumbo,
mabulaketi opanikizana ngati okwera minibasi ya ku Lilongwe.

Ndalemba funso loyamba. Yankho labwera mothamanga:
ichi kamodzi, icho kamodzi, zonse kamodzi kamodzi.
Makina awerenga majumbo omanga,
sanasuzumiremo n'komwe.

Kunja malole a pa Kamuzu Road akuliza mabuleki.
Magetsi athima. Batire ikuwerenga mphindi zake.

Ndiye ndamasula. Mfundo yakunja poyamba,
kenako yam'kati, yolimba ija,
katundu yense ndam'yala ngati mpunga woyanika palona,
chinthu chilichonse pamzere wakewake.
Zofanana zipite kwa zinzake. Werenga.
Sanja, chochuluka chikhale pamwamba.

Machesi, zikwi zisanu ndi zinayi.
Sopo wodula pakati. Mchere. Kandulo.
Simenti, imene bwana amadzitama nayo kwa alendo,
ili kumunsi, muyenera kutsika kuti muipeze.

Koma ndisanamasule, diso linagwa pa lisiti lina,
la Lachiwiri, sikisi koloko m'mawa:
misomali theka la kilo, nsalu yoyera mamita atatu,
shuga, masamba a tiyi,
ndipo m'kajumbo kakekake, kumapeto,
switi imodzi.

Tsopano misomali ija yasakanikirana ndi inzake,
ya madenga, ya makola a mbuzi, ya mabenchi a kusukulu.
Nsalu yapita kwa nsalu.
Switi yamira m'switi zikwi zitatu,
ndipo palibe funso limene ndingalembe
loti lindiuze dzina la mwana
amene anam'tonthoza nayo tsiku limenelo,
akulu akukhoma matabwa kuseri kwa nyumba.

Tebulo lakale sindinalifufute.
Ndalisiya momwemo, ndi mfundo zake.

Mawa ndidzati: machesi, bwana, odani machesi.
Adzaseka, adzati zimenezo
akanawauza ndi Tadeyo mlonda, kwaulere.